Musanagule pulinta ya kala yosindikizira timabuku pakhomo

Pulinta yanga yoyamba ndinaigula chifukwa ndiyo inali yotchipa pa zonse zimene zinali pa shelefu. Inali yopepuka, yowala bwino, ndipo ndinaifungata pamiyendo m'minibasi ndikudziona ngati ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Patapita masabata atatu kumpingo kwathu kunagwa zovuta. Mayi wina wa Mvano anatisiya, ndipo akulu a mpingo anandipempha kuti ndikonze mapulogalamu a maliro okwana 80: pepala limodzi lopinda pakati, kutsogolo chithunzi cha malemu, mkati nyimbo ndi mbiri yawo. Cha m'ma 10 koloko usiku, nditangodutsa pulogalamu ya 30, nkhope ya mayi aja inayamba kutuluka yobiriwira ngati tsamba la nthochi. Inki yofiirira inali itatha. Mitundu iwiri inayo inalimo ndithu, koma itatu yonseyo inali m'katiriji imodzi, kabokosi ka inki kolowetsa mu pulinta, ndiye kutha kwa umodzi kunali kutha kwa zonse. Mashopu anali atatseka kalekale. Mapulogalamu otsalawo ndinawatulutsa akuda okhaokha, ndipo m'mawa mwake ndinachita kusankha: akala kwa anamfedwa ndi abusa, enawo kwa khamu. Lolemba nditapita kukagula makatiriji atsopano, mtengo umene ndinaumva unali woti ndikanangowonjezerapo pang'ono n'kugula pulinta ina yatsopano. Chikomekome cha mkuyu.

Zimene ndikulembazi ndi za munthu amene akufuna kumasindikiza m'nyumba mwake momwe: kabuku ka ndakatulo zake, kalata ya mwezi ndi mwezi ya mpingo, makadi a ukwati ndi chinkhoswe, timabuku ta mafunso a ana a Sitandade 8, makope makumi angapo kapena mazana ochepa. Munthu wotere ndalama zake zambiri sizipita ku makina. Zimapita ku inki ndi mapepala, mwezi ndi mwezi, kwa zaka.

Yambani ndi bolopeni, ku shopu mupita pambuyo

Khalani pansi mulembe zimene mukuganiza kuti muzisindikiza pa mwezi, ndipo muziwerengere monga momwe pulinta imawerengera. Kwa pulinta, mbali imodzi ya pepala la A4 ndi tsamba limodzi. Kalata ya mpingo ya masamba 8 a A5, amene ndi theka la A4, imatenga mapepala awiri a A4, lililonse mbali zonse ziwiri, ndiye kuti kope limodzi ndi masamba 4 kwa pulinta. Makope 100 ndi masamba 400 pa mwezi, pa chaka 4,800, osawerengera amene mudzawononge poyesa. Ndipo mudzawononga, musadzinamize.

Kenako zigaweni. Ndi zingati zomwe ndi mawu okhaokha, mwina ndi kamutu kobiriwira pamwamba? Ndi zingati zomwe zili ndi zithunzi za anthu? Pali zomwe zidzayende panja, m'manja mwa anthu otuluka thukuta pa ukwati kapena pa mvula ya ku manda? Mudzafuna chikuto cholimba? Mayankho anayi amenewa ndiwo asankhe makina. Wogulitsa asakusankhireni.

Ngati zonse pamodzi sizikufika masamba 30 pa mwezi, langizo langa ndi lakuti musagule n'komwe. Muzipita ndi fulashi kwa amene amapulinta m'tauni. Pulinta ya inki yokhala osagwira ntchito imauma mutu, chiwalo chimene chimathira inki pa pepala, ndipo mudzathera inki pa kuitsuka.

Mitundu itatu imene mukaipeze

Yoyamba ndi inkjet, pulinta ya inki yamadzi, ya makatiriji, yonga inandigwiritsa fuwa lamoto ija. Makinawo amagulitsidwa motchipa chifukwa phindu la opanga lili m'makatiriji. Taonani manambala amene opanga eniake amalemba. Katiriji yakuda ya HP 305, imene imalowa m'ma DeskJet ang'onoang'ono, amati imatulutsa masamba pafupifupi 120, ndipo ya mitundu itatu pafupifupi 100. Ikuluikulu yake, 305XL, ndi 240 ndi 200. Kwa mwana wa sukulu wofuna kupulinta kalata imodzi pa sabata palibe vuto. Kwa kalata yathu ya masamba 400 ija, mungafunike makatiriji anayi a mitundu mwezi uliwonse.

Yachiwiri ndi inkjet ya matanki. Iyi ili ndi timatanki tinayi pambali kapena kutsogolo, ndipo inki mumathira nokha kuchokera m'botolo: yakuda, yabuluu imene amaitcha cyan, yofiirira imene amaitcha magenta, ndi yachikasu. Epson amazitcha EcoTank, Canon ali ndi PIXMA zoyamba ndi G, HP ali ndi Smart Tank, Brother ali ndi DCP zoyamba ndi T. Pogula ndi zodula kuposa za makatiriji, kawirikawiri kuwirikiza kangapo. Koma botolo limodzi la inki yakuda ya Epson 103, la 65 ml, Epson amati limatulutsa masamba 4,500, ndipo mabotolo atatu a mitundu pamodzi amatulutsa 7,500. Gawani 4,500 ndi 120 muone: botolo limodzi likuima m'malo mwa makatiriji 37 ndi kanusu. Canon naye pa inki ya GI-490 amatchula masamba 6,000 akuda ndi 7,000 a mitundu. Chinanso, mtundu umodzi ukatsika mumauona ndi maso pa kazenera ka tanki, n'kuthira womwewo basi. Nkhope yobiriwira ya pakati pa usiku siibweranso mwadzidzidzi.

Yachitatu ndi laser ya kala. Iyi sigwiritsa inki yamadzi koma ufa wotchedwa tona, umene umamatidwa pa pepala ndi kutentha. Zilembo zimatuluka zakuthwa, sizisungunuka ndi madzi, imathamanga, ndipo mutha kuisiya miyezi itatu osaigwira ikadzuka bwinobwino. Anthu ambiri amaikhumbira chifukwa ndi imene amaiona ku maofesi. Koma ma laser a kala otchipa amadya ndalama mwakachetechete. Tona ya HP 117A, ya makina ang'ono monga Color Laser 150, yakuda amati masamba 1,000, ndipo iliyonse ya mitundu itatuyo 700. Tsamba limodzi la kala limakoka m'matona onse anayi. Tona imene imabwera ndi makina atsopano nthawi zambiri si yodzaza ngati yogula payokha, ndipo patsogolo pali ziwalo zina zimene zimatha, monga dramu, chiwalo chosamutsira tona pa pepala. Zithunzi za anthu pa laser yotchipa zimatulukanso zouma poyerekeza ndi za inkjet pa pepala labwino.

Kwa anthu ambiri osindikiza pakhomo kuno, ine ndimati ya matanki. Laser ndimailoza kwa amene ntchito yake ndi mawu ndi matebulo, amene amasindikiza mwa apo ndi apo koma zambiri nthawi imodzi, ndiponso ali ndi magetsi odalirika. Nkhani ya magetsiyo tiifika.

Samu imene ikupulumutseni

Musanalipire, funsani mtengo wa inki yonse ya makina amene mukuwafunawo, mtengo wa lero, m'shopu yomweyo. Sindilemba mitengo pano chifukwa kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa chinthu chochokera kunja umatha kusintha mwezi usanathe. Njira yake ndiyo simasintha.

Tengani mtengo wa inki yakuda mugawe ndi masamba amene opanga alemba. Phatikizani mitengo ya mitundu itatu mugawe ndi masamba ake. Ziwirizo mukaziphatikiza mwapeza mtengo wa inki pa tsamba limodzi la kala. Onjezanipo pepala: limu ili ndi mapepala 500, ndipo mukamasindikiza mbali zonse ziwiri, tsamba lililonse limangotenga theka la mtengo wa pepala. Tsopano chulukitsani ndi masamba anu a chaka chonse aja, n'kuwonjezera mtengo wa makinawo. Chitani samu yomweyi pa makina awiri kapena atatu. Mudzadabwa kuona kuti amene anali otchipa pa shelefu ndiwo atsogola kudula chaka chisanathe.

Chenjezo limodzi pa manambala a opangawo. Sikuti amanama, koma amayesa ndi masamba apadera amene mayiko anagwirizana, okhala ndi mawu, timatebulo ndi tizithunzi tochepa, malo oyera ali mbwee. Chikuto chanu chimene chili ndi nyanja ya Malawi kuyambira pamwamba mpaka pansi chimamwa inki ya masamba ambiri otero. Ine powerengera ntchito ya zithunzi ndimadula nambala yawoyo pakati, pena kuposa apo. Mabotolo oyamba, obwera ndi makina, nawonso gawo lake limathera kudzaza timapaipi ndi mutu.

Inki yake ikupezeka kuti?

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Pulinta yabwino yopanda inki m'tauni mwanu ndi tebulo loikapo maluwa. Musanagule, lembani nambala ya inkiyo, muyende m'mashopu atatu osiyana ku Limbe, ku Old Town kapena ku Mzuzu, kulikonse kumene mumagula zinthu, mufunse ngati ali nayo pa shelefu lero. "Tiitanitsa" si yankho. Ngati awiri mwa atatuwo ali nayo mitundu yonse inayi, pitirizani.

Amene muli ndi achibale ku Johannesburg kapena ku Britain mudzayesedwa kuti akutumizireni. Ya ku South Africa nthawi zambiri imagwiritsa inki yomweyi imene imagulitsidwa kuno, mungosintha pulagi, popeza ife timagwiritsa ya mano atatu yamakona ngati ya ku Britain pomwe yawo mano ake ndi obulungira. Koma opanga amagawa dziko m'zigawo. Makina a Epson ofanana amagwiritsa botolo la 103 kuno ku Africa, 104 ku Britain, 003 kumayiko ambiri a ku Asia, ndi 522 ku America. Makatiriji a HP nawo ali ndi manambala a chigawo, ndipo pulinta ya chigawo china imatha kukana katiriji ya kuno. Laser yochokera ku America ndiye musaiyandikire: inapangidwira magetsi a 120 V, athu ndi 230 V, ndipo ikapsa yapsa.

Za inki yopanda dzina yogulitsidwa m'mabotolo aakulu: ena amaigwiritsa ndipo zimawayendera, ena mutu wa pulinta unatsekeka. Makina akadali pa galanti musayese, chifukwa zikavuta mudzasowa pogwira. Ndipo musasakanize inki za makampani osiyana m'tanki imodzi.

Inki yosungunuka ndi yosasungunuka

Inki za inkjet zilipo ziwiri, ndipo kusiyana kwake kumaoneka tsiku la mvula. Ya dye ndi utoto wosungunuka m'madzi. Imawala bwino pa zithunzi, koma dontho limodzi la madzi pa pepala wamba limaiyendetsa, ndipo ikakhala padzuwa imafwifwa. Ya pigment ndi timbewu tatingʼonotingʼono timene timakhala pamwamba pa pepala. Imapirira madzi ndi dzuwa, ndipo zilembo zake zimada bii.

Epson L3210 ndi L3250, zimene zili ponseponse, inki zake zinayi zonse ndi dye. Epson L4260 ndi L6270 zimagwiritsa inki ya 101, imene yakuda yake ndi pigment, mitundu n'kukhala dye. Canon G3410 ndi G3420 nazonso yakuda ndi pigment. Kwa wolemba mabuku, amene masamba ake ambiri ndi mawu, inki yakuda ya pigment ndi chinthu choyenera kuchilipirira. Ndinaphunzira izi pa kabuku ka nyimbo za kwaya kamene kanagwidwa ndi manja onyowa pa msonkhano wa misasa: ndime yachiwiri inasanduka mtambo. Ku shopu mutha kuyesa nokha. Pemphani tsamba losindikizidwa, dikirani mphindi zisanu, nyowetsani chala mupake pa zilembo.

Mbali zonse ziwiri, ndi njira ya pepala

Buku limafuna kusindikiza kutsogolo ndi kumbuyo. Makina ena amatembenuza okha pepala, pa bokosi amalemba kuti auto duplex. L4260 imatero, L3250 ayi. Popanda zimenezi mumasindikiza mbali imodzi ya mulu wonse, n'kuutembenuza nokha, n'kubwezeranso. Zimatheka, ndinachita kwa zaka ziwiri. Koma tsiku limene makina akoka mapepala awiri nthawi imodzi pakati pa mulu, masamba onse otsatira amasokonekera, tsamba 3 n'kupezeka kumbuyo kwa 7, ndipo mumazindikira mutawononga mapepala 40. Ngati ndalama ikulola, gulani yotembenuza yokha. Ngati siikulola, muzisindikiza makope khumi khumi, osati zana nthawi imodzi.

Yang'aninso polowera pepala. Makina amene pepala limalowera kumbuyo, choimirira, salipinda kwambiri, choncho amalandira bwino pepala lokhuthala la chikuto. Amene ali ndi kabati ya pansi pokha amalizunguliza pepala ngati chilembo cha U, ndipo khadi lolimba limakakamira. Kukhuthala kwa pepala amakuyeza ndi gsm. Pepala wamba la mu ofesi, monga Typek kapena Rotatrim, ndi 80 gsm. Pa pepala limeneli chithunzi chodzaza inki chimaonekera kumbuyo ndipo pepala limachita makwinya, ndiye masamba a zithunzi amafuna 100 kapena 120 gsm. Chikuto chimafuna 160 mpaka 200 ndi kupitirira. Tengani khadi lanu lenilenilo popita ku shopu, mulione likudutsa.

Zina ziwiri mwachidule. Ngati mukufuna chithunzi chofika m'mphepete mwenimweni mwa pepala, funsani ngati makinawo amatero pa A4, chifukwa ena amangotero pa kapepala ka zithunzi ka 10 x 15 cm. Ndipo pulinta ya A3 musaithamangire: A4 yopinda pakati imapereka A5, amene ndi msinkhu wabwino wa kabuku ka ndakatulo kapena nyimbo. A3 ndi ya amene akufuna magazini a msinkhu wa A4 kapena makalendala.

Wi-Fi ndi yothandiza ngati mumagwira ntchito pa foni. Kusiyana kwa L3210 ndi L3250 kwenikweni n'komweko: L3250 ndiyo ili nayo. Sikana ya pamwamba muifune, chifukwa zithunzi za malemu kapena za agogo nthawi zambiri zimabwera zili papepala, zochotsedwa mu felemu ya pa khoma.

Magetsi

Mabuku a malangizo ochokera kunja sanena za izi, koma kwa ife ndi nkhani yaikulu. Inkjet ya matanki imadya magetsi ochepa kwambiri. Epson amalemba mawati pafupifupi 12 pa L3250 ikamagwira ntchito, ofanana ndi babu limodzi. Magetsi a ESCOM akathima, kainiveta kakang'ono ndi batire ya sola zimaiyendetsa pamodzi ndi laputopu popanda kudandaula. Laser imayenera kutenthetsa chiwalo chomatira tona, ndiye imakoka mawati mazana angapo, ndipo poyamba kutentha imakoka mwamphamvu kwambiri moti iniveta yaing'ono kapena UPS, kabatire kosungira magetsi ka pa kompyuta, imangolira n'kuzima. Ngati kwanu magetsi amavutavuta, mfundo iyi yokha ikukwanira kusankha.

Gulani kachipangizo koteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, chifukwa zinthu zambiri zimapsa pamene magetsi akuyaka, osati pothima. Ndipo inkjet muziizimitsa ndi batani lake, osati kusolola pulagi. Ikamazima yokha imabweza mutu pamalo pake n'kuuvundikira kuti usaume. Magetsi akathima ili pakati pa ntchito, akangoyaka iyatseni ibwezeretse mutuwo.

Tsiku logula

Pitani ndi fulashi yokhala ndi PDF ya ntchito yanu yeniyeni: tsamba limodzi la mawu ang'onoang'ono, ndi limodzi la chithunzi cha munthu wakuda ngati ife. Ndikunenetsa za chithunzicho. Zitsanzo za m'shopu zimakhala maluwa ndi mbalame zowala, koma ntchito yanu ndi nkhope za anthu athu, ndipo makina ena amazitulutsa zakuda kwambiri moti maso okha ndiwo amaoneka, ena amazifiiritsa. Ngati pali makina owonetsera, pemphani ayese. Safunsa anadya phula.

Funsani za galanti: ndi ya nthawi yaitali bwanji, ili ndi malire a masamba, ndipo makina akawonongeka amakonzedwa kuti, ndi ndani? Lisiti likhale ndi nambala ya makinawo. Tsegulani bokosi pomwepo muone kuti mabotolo onse alimo, osatsegulidwa, komanso ngati chingwe cha USB chilimo, chifukwa m'mabokosi ambiri sichikhalamo.

Funso lina limene anthu salidziwa ndi la thonje la inki yotayika. Inkjet iliyonse ikamadzitsuka imataya inki m'kathonje kamene kali mkati. Kakadzaza, makina amaima n'kulemba kuti akufuna kukonzedwa, ngakhale zina zonse zili bwino. Pa makina ena mumagula kabokosi katsopano n'kusintha nokha, monga MC-G02 pa Canon G3420, ndipo Epson L6270 nayo ili ndi kabokosi kosintha. Pa ena mumayenera kupita nawo kwa amisiri. Kwa wokhala ku Ntchisi kapena ku Nsanje, kusiyana kumeneku ndi ulendo wa tsiku lathunthu.

Ya kaunjika? Zimatheka, koma musalipire musanaone zinthu ziwiri. Auzeni atulutse nozzle check, kapepala kosonyeza timizere ta mtundu uliwonse. Timizere tikhale tathunthu, topanda mipata. Pa makina ambiri pepala lomwelo kapena lina la lipoti limasonyezanso masamba onse amene makinawo asindikiza chiyambire. Wogulitsa akati "inki yangotha, koma imagwira bwinobwino," tsanzikani mwaulemu. Inkjet imene yakhala youma miyezi ingapo mutu wake umakhala utapita, ndipo mutu ndiwo mtima wa mtengo wake.

Mukafika nayo kunyumba

Ikani pa tebulo losagwedera, kutali ndi zenera la ku msewu. Thirani inki mosathamanga, botolo lililonse m'tanki yake, ndipo ikayamba kukoka inki koyamba, zimene zimatenga mphindi pafupifupi khumi, musaizimitse. Chitani izi nthawi imene mukudziwa kuti magetsi sathima, kapena pa iniveta. Ya matanki siifuna kupendekeka, ndiye si yonyamula pa kabaza kupita nayo ku tchalitchi sabata iliyonse.

Adani ake ndi awiri, fumbi la chilimwe ndi chinyezi cha dzinja. Ivundikireni ndi chitenje mukamaliza. Mapepala asungeni m'pepala lawo lokutira, m'kabati, chifukwa mu January pepala losiyidwa pa mtetete limamwa chinyezi, limapindika ndi kumatana. Musanaike mulu m'makina upeperezeni ndi chala kuti mapepala alekane. Ndipo sabata iliyonse, kaya pali ntchito kaya palibe, tulutsani tsamba limodzi lokhala ndi mitundu yonse. Mukaona mizere yoyera pa chithunzi, yambani ndi nozzle check, kenako head cleaning, kutsuka mutu, kamodzi kapena kawiri. Zikakanika isiyeni igone usiku umodzi muyesenso mawa. Kutsuka kasanu motsatizana kumangomwa inki ndi kudzaza kathonje kaja. Inki isatsike kupitirira mzere wa pansi, mpweya ungalowe m'timapaipi.

Pepala lonyezimira la zithunzi la inkjet musaliike mu laser, chifukwa chopakidwa pamwamba pake chimatha kusungunuka ndi kutentha n'kuwononga makina. Pepala losalala la magazini limene amagwiritsa osindikiza akuluakulu nalonso silimwa inki ya inkjet, imangokhala pamwamba n'kumapaka m'manja. Pogula werengani pa paketi kuti ndi la makina ati.

Kupanga kabukuko

Pepala limodzi la A4 lopinda pakati limapereka masamba anayi, choncho masamba a kabuku kanu akhale 8, 12, 16, 20, nambala yogawika ndi 4. Akakhala 18, onjezani awiri opanda kanthu kapena tsamba la mawu othokoza. Kasanjidwe kake musavutike nako pamanja. Mu Microsoft Word, pa Page Setup, pamene palembedwa Multiple pages sankhani Book fold. Kapena sungani ntchito yanu ngati PDF, mutsegule mu Adobe Acrobat Reader, imene ndi yaulere, ndipo posindikiza musankhe Booklet. Imalolanso kutulutsa mbali zakutsogolo zokha kenako zakumbuyo zokha, kwa amene mukutembenuza pamanja. Pa makina otembenuza okha sankhani flip on short edge, apo ayi mbali yakumbuyo ituluka chadodolido. Kanjira kodziwira ngati zasanjika bwino: masamba awiri oyandikana pa pepala mukawaphatikiza azipereka nambala ya masamba onse kuwonjezapo 1. M'kabuku ka masamba 8, tsamba 8 likhala ndi 1, 2 ndi 7, 6 ndi 3, 4 ndi 5. Zonse zikupereka 9.

Nthawi zonse tulutsani kope limodzi, mulipinde, muliwerenge lonse ngati mlendo, kenako ndiye mutulutse enawo. Amene mumalemba Malaŵi ndi ŵ onetsetsani kuti fonti yanu ili nacho chilembocho, chifukwa mafonti ena okongoletsa amaika kabokosi pamalo pake. Mitundu ya pa sikirini siidzafanana ndendende ndi ya papepala, popeza sikirini imawala yokha pomwe pepala limadalira kuwala kwa m'chipinda. Chithunzi chiwalitseniko pang'ono musanasindikize. Ndipo anthu akamakutumizirani zithunzi pa WhatsApp auzeni atumize ngati document. Chotumizidwa mwa nthawi zonse WhatsApp amachifinya, pa foni chimaoneka bwino koma pa chikuto chimatuluka timabokosi timabokosi.

Nthawi muiwerengerenso. Makina ngati L3250 amatulutsa masamba pafupifupi 10 akuda kapena 5 a kala pa mphindi, pa kasindikizidwe wamba. Masamba 400 a kala ndi ola limodzi ndi mphindi 20 zinthu zikayenda bwino, ndipo mukasankha kuti zithunzi zituluke zokongola kwambiri, imayenda ngati nkhono. Ntchito ya Lamlungu musaiyambe Loweruka usiku.

M'bajeti musiyemo ndalama ya zida ziwiri. Sitepula ya mkono wautali, yofika pakati pa pepala la A4, ndi chodulira mapepala, kapena lula yachitsulo ndi mpeni wakuthwa. Kabuku kakamakula, masamba a mkati amatulukira kunja kwa chikuto mukapinda, ndipo mumafunika kudula m'mphepete kuti mufanane. Kupitirira masamba 40 kapena 48 kabuku ka sitepula kamayamba kukana kutsekeka, ndiye pamenepo ganizirani zomanga ndi sipairo kapena guluu. Chikuto chokhuthala chiyambeni mwachilemba mzere ndi nsonga ya bolopeni yotha inki, motsatira lula, musanachipinde. Chimapindika mowongoka ndipo mtundu susweka pa msana.

Pali malire amene pulinta ya pakhomo siyenera kudutsa. Mukafuna makope 500 kapena 1,000 a buku limodzi, pitani kwa osindikiza enieni, monga Montfort Media ku Balaka kapena Likuni Press ku Lilongwe, mukafunse mtengo, chifukwa pa makina awo mtengo wa kope umatsika makope akamachuluka, pomwe kwanu kope la 500 limadya inki yofanana ndi loyamba. Njira ina imene ambiri timachita ndi kusindikiza zikuto za kala kunyumba, masamba a mkati akuda n'kukachulukitsa pa fotokope. Ndipo ngati bukulo mukufuna kuti likagulitsidwe m'mashopu a mabuku, nambala ya ISBN, yozindikiritsa bukulo, imatengedwa ku National Archives ku Zomba, komwenso malamulo amafuna kuti mukasiyeko kope la buku lililonse lofalitsidwa m'dziko muno. Nambalayo itengeni musanasindikize chikuto, kuti isadzakhale yomata ndi guluu kumbuyo.